Nsomba Timamangirira Kunja kwa Galimoto

Amuna anga sankadziwa kunama pa za nthawi, ndipo chimenecho ndicho chinatigonetsa ndi njala chaka chathunthu. Munthu akawafunsa kuti galimoto yake atsuka mpaka liti, iwo ankayamba aizungulira kaye, kupisa dzanja kuseri kwa matayala, kutsegula chitseko n'kununkhiza m'kati, kenaka n'kuloza pamene dzuwa lidzakhale ntchito ikamatha. Sankachotserapo kanthu kuti akondweretse munthu. Ine ndinkawaseka kuti pakamwa pawo n'pouma ngati usipa wa pathandala, koma mumtima ndinkawanyadira.

Zinali zaka zija nkhondo yaikulu itangotha, asilikali atabwerako ndi majasi awo. Ku Senga Bay kunali hotela ya mzungu wina, ndipo Loweruka lililonse azungu olima fodya ankatsika kuchokera ku Lilongwe kudzasamba m'nyanja ndi kudzamwa mowa. Msewu unali wafumbi kuyambira kumapiri mpaka kugombe. Galimoto zinkafika zili psuu, yoyera ndi yakuda osasiyanitsika, fumbi litalowa mpaka m'misoko ya mipando. Amuna anga ndiwo ankazibwezera maonekedwe ake, pansi pa mtengo waukulu wa mango kuseri kwa khitchini.

Amene sanaigwirepo ntchitoyi amayesa n'kungothira madzi basi. Galimoto yochokera paulendo imakhala yotentha ngati chiwaya, ndiye umayamba waidikira kuti izizire. Fumbi sulipukuta louma, umalitsitsa ndi madzi ambiri, chifukwa ukalikhula limakanda utoto. Kenaka sopo, kenaka madzi ena, kenaka kachikopa kofewa koumitsira. Polishi umapaka pamthunzi, kachigawo kakang'ono, n'kumudikira achite mbuu, ndiye n'kupukuta mozungulira mpaka udzione nkhope. Zitsulo zonyezimira za kutsogolo amuna anga ankazikwecha ndi phulusa losefa, mipando yachikopa ankaidzoza mafuta ake, ndipo m'makona ankalowamo ndi nthenga ya nkhuku. Akayamba atangochoka ku swala ya m'mawa, galimoto imodzi yoipa kwambiri inkawafikitsa ku swala ya alasiri, dzuwa litapendeka.

Madzi ndinkatunga ndine. Nyanja inali pomwepo, koma madzi a m'mphepete amakhala ndi mchenga, ndipo kamchenga kamodzi pansanza kamalemba mzere pautoto. Choncho ndinkalowa mpaka m'chiuno, kutunga m'chitini cha parafini, kusefa pansalu yoyera, n'kusenza kukwera nacho kumtunda. Galimoto imodzi inkandiyendetsa mpaka khosi kuuma. Malipiro a ntchito imeneyi kunalibe. Eni hotela ankayesa madzi amakwera okha chitunda.

Pakati pa amuna anga ndi eni galimoto panali kapitawo wa hotelayo. Ameneyu ndiye mwini nkhani ino, ndipo ngakhale anamwalira kale, ine sindinamukhululukire. Anali munthu wa kumapiri, cha ku Dowa, wovala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, pamkono ali ndi wotchi imene mlendo wina anaiwala m'bafa. Sopo sankamugwira, madzi sankawakhudza. Chuma chake chonse chinali Chingerezi. Mlendo akangoimika galimoto, iye anali atafika kale pachitseko, chipewa chili m'manja, ndipo akafunsidwa kuti kutsuka kutha nthawi yanji, yankho linali limodzi chaka chonse: wani awa, bwana. Amenewo ndiwo mawu oyamba a Chingerezi amene ndinaphunzira. Ola limodzi, kaya galimoto yadutsa m'matope a kudambo, kaya ana asanziramo.

Ndalama mlendo ankapereka kwa iye. Masheleni ankalowa m'thumba la kabudula, chotulukamo n'kukhala tiki, kandalama kochepetsetsa kamene ankawaponyera amuna anga ngati akuponyera nkhuku gaga. Akadandaula, ankawayankha kuti ntchito ya ola limodzi malipiro akenso ndi a ola limodzi. Ola lija likatha galimoto isanathe, mlendo n'kuyamba kulalata, kapitawo ankangotambasula manja n'kunena kuti anthu a kunyanja ndi aulesi. Iye ankanama n'kudya, ife tinkatuluka thukuta n'kutukwanidwa.

Tsoka lenileni linafika m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene mchenga umapsereza mapazi. Kunabwera mzungu wina wa fodya ndi galimoto yakuda yatsopano, imene ankaikonda kuposa mkazi wake. Ankafuna ithe asanamalize chakudya cha masana, ndipo kapitawo anavomera. Kuti mwini wake aziona kuti ntchito ikuyenda, analamula kuti galimotoyo itsukidwire kutsogolo kwa khonde, padzuwa. Amuna anga anakana. Anamuuza kuti chitsulo chakuda padzuwa lotero chimawotcha polishi, ndipo akauma sachoka. Kapitawo anawayandikira n'kuwanong'oneza kuti ngati sakufuna ntchito, alipo ambiri akuifuna. Ine ndinali kunyanja ndi chitini changa, ndipo palibe wina anamva mawu amenewo.

Polishi uja anapsa monga ananenera. Paboneti panachita mawangamawanga oyera, nsanza n'kumangokakamira. Kapitawo ataona kuti mzungu watsala pang'ono kutuluka, anatola chiguduli chimene chinali pamchenga n'kuyamba kukhula yekha ndi mphamvu zake zonse. Pamene ndinkafika ndi madzi, boneti inali italembeka mizere yozungulira ngati pamene nkhuku yapalasa. Chiguduli chinali chitaponyedwa kale pamapazi a amuna anga.

Mzungu uja anatuluka, n'kuona, n'kufiira khosi lonse. Kapitawo analankhula Chingerezi chambiri tsiku limenelo, chala chikuloza amuna anga, ndipo iwo anangoima kakasi chifukwa sankamva chimene akunenedwa. Mzunguyo anatola nsanza yonyowa m'chitini changa n'kuwamenya nayo kumaso, pamaso pa alendo, pamaso pa operekera zakudya, pamaso panga. Bwana mwini hotela anawachotsa ntchito pomwepo. Pamalo pawo kapitawo anaikapo mlamu wake, munthu wotsuka galimoto ngati akutsuka mtondo.

Ntchito kutha si imfa, ina imapezeka. Chimene chinatipha chinali dzina. Madalaivala amacheza, ndipo pasanathe mwezi kuchokera ku Chipoka mpaka ku Salima amuna anga ankadziwika kuti ndi aja okanda galimoto. Amwenye a masitolo, amene kale ankawaitana kukatsuka malole awo, ankangowabweza pachipata. Anakalowa gulu lokoka khoka kugombe, ntchito yosayenera chifuwa chawo. Ankabwera akutsokomola, zikhatho zitang'ambika ndi chingwe. Galimoto ikamadutsa ankatembenukira kwina. Kachikopa kawo kofewa kaja anakapinda bwinobwino n'kukasomeka kudenga, ndipo nthawi zina ndinkawapeza akukasisita ngati mwana wodwala.

Iwo ankati tisiyire Mulungu. Ine ndinkaswali ndithu, koma chakukhosi sichinkatsika. Ndinayamba kuyanika usipa n'kumakagulitsa pasiteshoni ya sitima ku Salima, kukwera kumbuyo kwa lole ya mmwenye wina wogula nsomba zouma, ndipo ulendo uliwonse podutsa pachipata cha hotela ndinkamuona kapitawo ali chilili ndi masokosi ake. Ndinkamupatsa moni mwaulemu, ndi kugwada komwe. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo wanga ndinausunga pouma.

Chaka chitazungulira, kutentha kutabweranso, bwana mwini hotela anakwera sitima kupita ku Blantyre kukalandira mkazi amene anamukwatira ku Ulaya, dona woti sanapondepo dziko lino. Galimoto yake yaikulu yobiriwira anaisiya m'galaja, n'kulamula kuti ikamutenge pasiteshoni tsiku lobwerera ili yoyera. Kapitawo anatsala ngati mwini hotela. Kwawo kumapiri kunali ukwati wa mwana wa mlongo wake, ndipo anafuna akafike ngati munthu wamkulu. Anapangana ndi dalaivala wa bwana kuti apite mwakachetechete n'kubwerako tsiku lomwelo.

Kwathu kunyanja ngakhale mwana amadziwa kuti nsomba yaiwisi silowa m'galimoto. Timaibowola m'makha, kuitunga pachingwe, n'kuimangirira kunja, kutsogolo, kuti mphepo iziiwomba njira yonse ndipo madzi ake azidontha pansi. Azungu omwe ankadziwa zimenezi, ndipo Lamulungu madzulo galimoto zawo zinkakwera mapiri chambo chikulendewera pamabampala. Koma kapitawo sakanatero. Galimoto ya bwana yolendewera nsomba, mwini wake ali ku Blantyre, msewu wonse ukanaona. M'mawa umenewo ndinali kugombe pamene ankagula chambo ndi akampango madengu awiri odzaza. Msodzi wina wachikulire anamuchenjeza, iye n'kumuyankha kuti za galimoto asiyire odziwa galimoto. Ndinaona madengu aja akukwezedwa pampando wakumbuyo n'kufunditsidwa ziguduli. Ndinapitiriza kusankha usipa wanga.

Sanabwereko tsiku limenelo. Tayala linawaphulikira pachikweza, lapadera linali lopanda mpweya, ndipo galimoto inakhala padzuwa tsiku lonse nsomba zili m'kati, dalaivala akuyenda wapansi kufuna pampu. Kuukwati zinafika zitayamba kale kufewa. Galimoto inabwerera kuhotela tsiku lotsatira madzulo, ndipo sitima ya bwana inkayenera kufika mawa lake.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dzuwa lisanatuluke bwino tinamva odi pakhomo, ndipo potuluka ndinapeza kapitawo, chipewa chili m'manja monga ankachitira kwa azungu. Anafunsa ngati abambo alimo. Anati kuli kantchito kakang'ono, mlamu wake wayesa koma zamukanika. Amuna anga, mtima wawo wofewa uja, anavala malaya osafunsa zambiri, n'kusolola kachikopa kaja kudenga. Ine ndinasenza chitini n'kuwatsatira.

M'galaja anachita monga ankachitira kale. Anaizungulira, anatsegula chitseko chakumbuyo, ananunkhiza, n'kugwada kusuzumira kunsi kwa mpando. Kunali kukadali kozizira, ndipo fungo linali lisanadzuke bwino, koma linalimo. Atadzuka anati madzi a nsomba alowa m'thonje la mpando ndi kunsi kwa mphasa ya pansi. Mpando uyenera kumasulidwa n'kutulutsidwa, thonje lichapidwe ndi phulusa ndi mandimu, liume padzuwa, ndipo m'galimoto mugone makala kuti amwe fungo. Anatinso kuseri kwa mpandowo akuona ngati kwagwera kanthu.

"Ndi ntchito ya masiku atatu, akapitawo," anatero.

"Masiku atatu a chiyani? Sitima ikufika masana ano. Mungopukuta m'katimo, kunjaku mupake polishi. Bwana amayang'ana kuwala. Ndi ntchito ya ola limodzi imeneyi."

Ngakhale ali pamoto, pakamwa pake panatuluka mawu omwe aja. Amuna anga anapinda kachikopa kawo n'kunena kuti ntchito yotero sangaigwire, ndipo anayamba kutuluka. Ndinawagwira mkono pakhomo la galaja. Chaka chonse ndinkadikira tsiku losadziwa maonekedwe ake, ndipo tsopano linali litaima patsogolo panga. Ndinawauza chapansipansi kuti aigwire, achite zenizeni zimene munthuyo akufuna, zotsalazo andisiyire.

Kenaka ndinatembenukira kwa kapitawo n'kumuuza kuti atsuka, koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, alipiriretu tisanakhudze madzi, malipiro a tsiku lathunthu, ndipo a madzi anga akhale apadera. Anatulutsa ndalama msangamsanga, masheleni enieni, osati tiki. Chachiwiri chinamuvuta. Ndinati tipite pakhomo la khitchini, akanene pamaso pa akhukhi ndi operekera zakudya kuti wauzidwa masiku atatu, kuti wauzidwa zochotsa mpando, ndipo iye mwini wakana. Anandiyang'ana ngati andimeze. Anayang'ananso wotchi yake ija, n'kupita.

Akhukhi anali bambo wachikulire wa ku Maganga, wosalankhulalankhula, amene anaphikira azungu kuyambira ali mnyamata ndipo Chingerezi ankachimva kuposa kapitawo. Anaima pakhomo ndi mpeni m'manja, operekera zakudya ali pambuyo pawo, n'kumvetsera kapitawo akubwereza mawu anga ngati mwana wa ku madrasa. Atamaliza, akhukhi anangoti amva, n'kubwerera ku anyezi awo.

Amuna anga anaikankhira galimotoyo pansi pa mango paja n'kuyamba. Ankagwira ntchito nkhope ili yogwa, ndipo pamene ndinkathira madzi anandiuza kuti ntchito yatheka si ntchito, ndi chinyengo. Ndinawayankha kuti wonyenga ndi amene wabisa, ndipo iwo sanabise kanthu. Komabe manja awo sankadziwa kuchita mwachisawawa. Galimoto ija inawala kuposa tsiku limene inagulidwa, zitsulo zili waliwali, masamba a mango akuoneka paboneti limodzilimodzi. Ola lija linadutsa kalekale iwo akupukutabe, kapitawo akungovinavina pambali. Pomaliza kapitawo anatulutsa botolo la mafuta onunkhira a kusitolo ya mmwenye n'kuwaza lonse pamipando. Anakoka mpweya, n'kumwetulira, n'kutiuza kuti mwaona, nanga masiku atatu aja anali a chiyani.

Linali tsiku la sitima, ndiye ndinasenza dengu langa la usipa n'kukwera lole ya mmwenye monga mwa masiku onse. Pasiteshoni ndinapeza galimoto yobiriwira itaimikidwa pakhomo penipeni, pambalambanda, kuti bwana akangotsika aione. Mithunzi inalipo kumitengo ya uko, koma kapitawo ankafuna kuwala kuoneke. Magalasi onse anali otsitsa kuti mphepo izipita. Ndinayala usipa wanga pafupi ndithu.

Pasiteshoni ya Salima nyengo imeneyo sipankatha fumbi. Ngolo za thonje zinkalowa ndi kutuluka, ndipo kamvulumvulu ankanyamula fumbi ndi timaulusi ta thonje n'kumwaza paliponse. Ndinadikira mpaka kamodzi kadutse pafupi ndi galimoto, ndiye ndinadzuka n'kupita kwa kapitawo, n'kugwada pang'ono.

"Akapitawo, fumbili likulowa pamipando. Dona atavala zoyera, akhala bwanji? Bwenzi mutakweza magalasiwa."

Anapitisa chala pampando, n'kuona fumbi, n'kukweza magalasi onse anayi ndi manja ake, mpaka kumapeto. Anandithokoza.

Sitima ya masiku amenewo inkafika pamene yafunira. Masana anadutsa, anthu anaswali adhuhuri, swala ya masana, kuseri kwa sitolo, mithunzi inayamba kutalika, njanji ili zii. Dzuwa linkamenya denga la galimoto ija mpaka mpweya pamwamba pake kumanjenjemera. Kapitawo anakakhala pamthunzi wa khonde la siteshoni akudzipepeza ndi chipewa. Ine sindinasunthe, ngakhale thukuta linali kamukamu. Ndinaona ntchentche zobiriwira zikuyamba kutera m'mphepete mwa zitseko, imodzi, kenaka gulu. Galu wa pasiteshoni anabwera kudzanunkhiza chitseko chakumbuyo n'kukhala pansi pomwepo ngati wapeza kwawo. Dalaivala anaziona zimenezi, ndipo anasuntha pang'onopang'ono mpaka kukaima kuseri kwa matumba a thonje. Usipa tsiku limenelo ndinagulitsa motchipa, mtima unali kwina.

Sitima inalira cha ku alasiri. Bwana anatsika atagwira dzanja la dona wake, mtsikana woonda, wovala diresi yoyera ndi chipewa chachikulu. Ataona galimoto anaima, n'kuiloza monyada, n'kumusisita kapitawo paphewa. Kapitawo mano onse anali pamtunda. Anathamangira kuti atsegule chitseko, koma bwana anamuletsa, kufuna kumutsegulira yekha mkazi wake.

Ine ndakulira pansomba, ndipo fungo lake silindiopsa, koma limene linatuluka m'galimoto ija linandigwetsa misozi ndili patali. Nsomba yowola, yophikidwa tsiku lonse m'chitsulo chotseka, yosakanikirana ndi mafuta onunkhira a mmwenye. Dona anali atalowetsa kale mutu. Anabwerera chambuyo, chipewa n'kugwa, ndipo anasanza pomwepo, pansapato za mwamuna wake. Onyamula katundu anatula mabokosi n'kugwira mphuno. Amayi anzanga ogulitsa nthochi anabisa nkhope m'nsalu mapewa akugwedezeka. Ine sindinabise yanga. Ndinkafuna kapitawo akatembenuka andione, ndipo anandiona.

Chingerezi chinayamba kutuluka, chala chikuloza kunyanja, ndipo ndinadziwa kuti akunena amuna anga. Bwana sanafune kumva zambiri pamenepo. Iye ndi dona anakwera kutsogolo kwa lole ya mmwenye, ine kumbuyo ndi dengu langa, ndipo galimoto yowala ija inkatitsatira, dalaivala atatulutsa mutu pawindo, kapitawo ali m'kati.

Kuhotela anaitanitsa amuna anga. Kapitawo anali atanena kale kuti iye anangowachitira chifundo kuwapatsa ganyu, ndipo iwo, pofuna kubwezera zakale, athiramo zonyansa. Koma ulendo uno mawu ake sanayende okha. Akhukhi anatuluka m'khitchini akupukuta manja, n'kulankhula ndi bwana m'Chingerezi chawo chodekha, operekera zakudya akuvomereza ndi mitu. Kenaka anawauza amuna anga kuti bwana akuti mpando uchotsedwe. Anatenga sipanala, kumasula, kukoka. Kuseri kwake kunali kampango wamkulu ngati mkono wanga, atatupa, mphutsi zikuyenda. Bwana anamuyang'ana kampangoyo nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa kuti nsomba imeneyi inakwera liti galimoto yake, ndipo inkapita kuti. Dalaivala anaulula zonse asanafunsidwe kachiwiri.

Madzi atatayika choncho, akhukhi anawonjezera kuti chaka chatha anaona pawindo amene anakhula galimoto yakuda ndi chiguduli. Ndinawathokoza, koma mumtima ndinawafunsa kuti pakamwa pamenepo panali kuti chaka chonse amuna anga akutsokomola kukhoka.

Bwana anafunsa, kudzera mwa akhukhi, kuti fungolo lichoka liti. Amuna anga anati masiku atatu. Bwana anati akufuna mawa. Iwo anati masiku atatu, ndipo ngati alipo wina wotha kuchita mawa, amupatse ameneyo. Bwana anavomera. Asanakhudze madzi, amuna anga anatchula mtengo wawo ndi wa madzi anga, ndipo anati kuyambira tsiku limenelo mwini galimoto aliyense azimva nthawi ndi mtengo kuchokera pakamwa pawo, akhukhi akumasulira. Galimotoyo anaimaliza tsiku lachitatu, ngakhale dona sanakhalenso pampando wakumbuyo mpaka anaigulitsa. Madalaivala omwe aja anafalitsa nkhaniyi, ndipo amwenye a ku Salima anayambanso kutumiza mawu.

Za magalasi aja amuna anga anamva kwa amayi a nthochi, ndipo sanakondwe. Anati Mulungu akanaweruza yekha popanda ine kumuthandiza, ndipo kusekerera tsoka la mnzako si khalidwe la Msilamu. Ndinawayankha kuti ine ndinangoteteza mipando ku fumbi. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, ndipo nkhaniyi sitinagwirizanepo mpaka tsiku limene anatisiya. Iwo anali munthu wabwino kuposa ine, ndipo sindikutsutsa. Koma nsanza yonyowa ija inagwa pankhope yawo ine ndikuona, ndipo iwo sanaione nkhope yawoyo monga ndinaionera ine.

Kapitawo anachotsedwa m'mawa mwake, pamodzi ndi mlamu wake. Wotchi ija anamulanda. Anadutsa njira ya kugombe kukadikira lole yopita kumapiri, atasenza mphasa ndi kabokosi, masokosi atagwera m'akakolo. Anthu ankangomuyang'ana, popanda womupatsa moni. Kwathu munthu wa paulendo sitimulola kuchoka chimanjamanja, ndiye ndinapita kwa asodzi n'kusankha chambo chabwino, chonenepa, chongovuulidwa kumene. Ndinachitunga pachingwe n'kumutsatira mpaka pamsewu, anthu akundiyang'ana modabwa. Ndinagwada monga ndinkachitira chaka chonse chija, n'kumupatsira.

"Ndiwo za kumudzi izi, akapitawo. Koma mumangirire kunja."

Anayang'ana nsomba, anayang'ana anthu amene anatizungulira. Ntchito inali itatha, kumudzi kunali ana, ndipo chambo chinali chabwino. Anachilandira ndi manja awiri.